Bandi yathu ikangolowa pa hafu taimu anthu akumadzuka, thandizeni nzeru

Wa Lipenga: Akuluakulu muli bwanji nonse. Ndine uja ndikuthandizira kuphunzitsa bandi pa koleji ina yaing'ono kuno ku America. Ana ndili nawo 60 basi, ndiye pa mpira wawo wogwira ndi manja uja (American football) tikangolowa m'bwalo pa hafu taimu anthu akumadzuka kukagula zakudya ife kumaimbira mipando, zikundiwawa chifukwa anawa amalimbikira zedi. Chinanso ndikawamwaza bwalo lonse kuti tioneke ambiri nyimbo ikumang'ambika, a ng'oma kwawo a malipenga kwawonso. Loweruka lino tili ndi gemu pakhomo.

Mayi wa Ng'oma: Achimwene kung'ambikako musawanene ana, ndi mtunda umenewo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, bwalo lanulo ndi mayadi 100, ndiye mwana wa kumapeto uku akamamvetsera mnzake wa kumapeto uko wachedwa kale ndi kota ya sekondi. Ng'oma muziike kumbuyo chapakati, oimba ng'omawo maso pa manja a drum major, wotsogolera bandi uja, enawo azimvera ng'oma zochokera kumbuyo kwawo. Asamatsatire zimene zikumveka kutsogolo, zina zimakhala zobwerera kuchokera ku masitandi.

Aphunzitsi Akale: Mayi anena zoona. Komanso bambo anthu 60 mukuwamwaziranji? Apanikizeni pakati pa mizere iwiri ya mayadi 30 ija yolembedwa pa bwalo, muwakokere kufupi ndi sitandi ya masapota anu kuti malipenga aziwafika pamtima. A bandi ya yunivesite ya Ohio State amadzaza bwalo chifukwa amapitirira 200. Koma onani chimene anthu amakhalira pansi kumeneko, ndi Script Ohio ija anayamba mu 1936, bandi kulemba dzina loti Ohio ikuyenda mpaka woimba sousaphone, chilipenga chachikulu chokoleka paphewa, kukaima pa kadontho ka i. Aliyense amadziwa kale mmene zithere koma samachoka. Inunso pezani kanthu kanu kamodzi kochita gemu iliyonse, anthu akazolowere, aziuzana kuti dikira kaye usapite.

Wa Lipenga: Ndamva aphunzitsi, koma timakonzekera katatu kokha pa sabata, ana kuloweza nyimbo ndi malo oima nthawi imodzi akumasokonezeka.

Mnyamata wa Sinea: Bwana chepetsani mafomeshoni, zithunzi zimene ana amapanga poima m'bwalo. Hafu taimu ya koleji ndi mphindi 20 koma matimu atuluke, mwina bandi ya alendo iimbenso, inu zokutsalirani ndi zochepa, zithunzi zinayi zooneka bwino zakwana. Akhomerereni 8 to 5, masitepe 8 pa mayadi 5, mwendo ukazolowera mutu umatsala wa nyimbo. Ndiye kaonereni mabandi a mayunivesite a Florida A&M, Southern kapena Jackson State pa YouTube, amaimba nyimbo zimene anthu akumva pa wailesi kenako pakati penipeni bandi yonse kuyamba kuvina ng'oma zili mkati. Ine ndikamaona zimandikumbutsa mganda kwathu ku Dowa, mizere ya chisilikali yomweyo koma ovina akuseweretsa anthu, nkhope kwa oonerera. Anawa amayang'ana anthu kapena pansi?

Wa Lipenga: Pansi achimwene, amakhala akuwerenga masitepe.

Mayi wa Ng'oma: Ndi pamenepo. Komanso musadikire hafu taimu kuti anthu akudziweni. Muli pa sitandi muziponya tinyimbo tifupitifupi pa taimu auti ndi timu ikagoletsa, toti masapota aziyankha, koma osewera akafola kuti ayambe muzidula msanga, lefa akhoza kulanga timu yanu mukasokoneza ma siginolo. Anthu amene aimba nanu kota yoyamba ndi yachiwiri sangakuthaweni. Ku yunivesite ya Wisconsin mpaka gemu itatha amatsalira Fifth Quarter kuvina ndi bandi.

Wa Lipenga: Zikomo nonse. Mawa ndichotsa mafomeshoni atatu, ng'oma zibwerere kumbuyo, tiyese kavinidwe ka ma bar 16 a nyimbo pakati. Achimwene a sinea, a ma sousaphone mumawavinitsa atanyamula kapena amatula kaye pansi? Zimalemera zija ndikuopa misana ya ana.