Mwana wanga sasiyana ndi mabuku a nthano, ndimuletse?

Mayi wa pa Kamuzu Road:
Abale ndithandizeni nzeru. Mtsikana wanga ali fomu 2, akangoweruka basi buku m'manja, osati la sayansi ayi koma timabuku ta nthano tobwereka kwa anzake. Dzulo nyemba mpaka kupserera iye ali phee pakhonde. Bambo ake akuti zopeka ndi bodza lokhalokha zimulepheretsa JCE, koma ine mtima sukulola kumulanda. Zimathandizadi izi?

Wa geni ya usipa, Senga Bay:
Mayi musamulande chonde. Ine ndinalekezera fomu 3, ndimapikula usipa kuno nkumakagulitsa ku Lilongwe. Mwera ukakula mu Juni ndi Julayi asodzi salowa panyanja, timangokhala pafupi ndi thandala kudikira ndiye ndimawerenga. Kabuku kena kothothoka chikuto kanali ka bambo wina amene anatenga katapila kuti ukwati wa mwana wake utchuke, ndinayenda naye tsamba ndi tsamba, kubisala kuseri kwa nkhokwe akamva njinga, kunamiza mkazi wake, mpaka kumuzula malata ana akuona. Chaka chomwecho mpamba wanga unaduka, munthu anabwera ndalama zili m'manja akuti tenga 50,000 udzabweze 75,000 pakutha pa mwezi, ndinazifuna zedi koma m'maso mwanga munangobwera malata aja. Ndinakana, ndinayambiranso ndi ndowa imodzi.

Mphunzitsi, Nkhotakota:
Bambo akewo auzeni kuti pa MSCE pali litilecha, Chichewa ndi Chingelezi chomwe. Ine ndikamachonga chimangirizo mwana wowerenga ndimamudziwa pa ndime yoyamba, mawu samusowa. Komanso nanga agogo akati "padangokhala" ife nkuyankha "tili tonse", sitinkadziwa kuti kalulu sayankhula? Koma ulemu, kusaumira, kuchenjera ndi anthu okoma pakamwa tinaziphunzira pomwepo pamoto.

Bambo wa ku Dwangwa:
Zoona koma muzionako zomwe akuwerengazo, zina zoyenda pa WhatsApp nzolaula. Ndipo mphika kaye, buku pambuyo.

Mayi wa pa Kamuzu Road:
Zikomo nonse. Madzulo ano tikusankha mpunga ndinati andifotokozere nthano yomwe akuwerenga, ndi ya mwana wamasiye woleredwa ndi azakhali ake ankhanza. Ali mkati mofotokoza anangoti "amama, mtsikana uja wa kuseri kwathuyu amadya kusukulu koma?" Ine kukhala naye pafupi zaka zonsezi sindinaganizepo. Mawa anyamula mbatata za anthu awiri.