Za kulipira alimi a mpunga pa foni: mmene zathera

Zikomo nonse amene munayankha funso langa la momwe kampani yathu ya pa intaneti ingamalipirire alimi a mpunga ku Nkhotakota. Tinatsata malangizo otsegula akaunti ya bizinesi yotumizira anthu ambiri pakamodzi, ku Airtel Money ndi ku TNM Mpamba. Ndalama zikufika tsiku lomwelo.

Pomwe tinalakwitsa ndi pa nambala za foni za alimi. Zina zinali za achibale, dzina losiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Pano timayamba tatumiza K500 kuti mlimi atsimikize kuti walandira. Ndalama ikaoneka ngati yakanika, musathamangire kutumizanso, yambani mwafufuza nambala ya transaction (nambala yozindikiritsa ndalama imene mwatumizayo), mungalipire kawiri. Yotapira (imene amadula potapa ndalama) muziwonjezera pamwamba kuti mlimi alandire yokwanira. Ma ejenti a kumudzi muziwauziratu tsiku lolipira, chifukwa ndalama zapamanja zimawathera msanga.