Mnzake wa mwana wanga wadwala malungo a apusi ku Malaysia, kodi zoterezi zingafike kuno?

Nachisale, Zomba

Moni nonse. Ine ndimagulitsa zitenje mumsika, za sayansi sindizidziwa, ndiye mundipirire. Mwana wanga wachisamba ali pasukulu ku Kota Kinabalu, m'chigawo cha Sabah pachilumba cha Borneo. Mwezi watha mnzake amene amagona naye chipinda chimodzi, mnyamata wa komweko, anamutenga kukacheza kwa makolo ake kufupi ndi Kudat. Anagona masiku 4 m'kanyumba ka kumunda m'mphepete mwa nkhalango. Akuti madzulo ankakhala panja kuotcha nsomba, udzudzu ukuwaluma m'miyendo, apusi akudumpha m'mitengo pamwamba pawo.

Patatha masiku 12 mnzakeyo anayamba kutentha thupi, litsipa, kuphwanya m'thupi, ndipo thupi linkatentha tsiku ndi tsiku osapuma. Anamugoneka m'chipatala, adokotala n'kunena kuti ndi malungo ochokera kwa apusi, dzina lake knowlesi. Pano wachira. Wanga sanadwale, koma ine tulo sindikuliona. Akubwera mu December kudzadya Khirisimasi, kodi sangabwere nawo m'magazi n'kudzapatsira azing'ono ake? Chinanso, munda wathu uli m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndipo chimanga chikangoyamba kukhwima apusi amatsika m'magulu. Ana anga amalindira kumunda mpaka dzuwa kulowa. Kodi malungo amene akhala akutigoneka zaka zonsezi, mwina ena amachokera kwa apusi amenewa?

Wakulabu, Blantyre

Anachisale, pepani ndi nkhawayi. Ntchito yanga ndi yoyeza magazi, ndiye ndikufotokozereni mmene ndimazionera. Tikabaya chala timapaka dontho la magazi pa kagalasi, likauma timathira utoto wa Giemsa n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Kachilombo ka falciparum, kamene kamadwalitsa pafupifupi onse odwala malungo kuno kwathu, kamaoneka ngati kamphete kabuluu kokhala ndi kadontho kofiira, kali mkati mwa selo lofiira la magazi. Kena kotchedwa malariae, kamene timakapeza mwa apo ndi apo, kakakula kamayala ngati lamba kudutsa pakati pa selolo. Knowlesi ndiye amasokoneza maso: akali wamng'ono amafanana ndi falciparum, akakula amafanana ndi malariae. Ngakhale ine mutandipatsa kagalasi ka mnzake wa mwana wanuyo osandiuza kumene kachokera, ndingalembe kuti malariae.

Ndi mmene zinkachitikira ku Kapit, ku Sarawak, chigawo china cha Malaysia pachilumba chomwecho. Kwa zaka zambiri odwala ankalembedwa kuti ali ndi malariae. Koma malariae ndi malungo ofatsa, tizilombo timakhala tochepa m'magazi, pamene odwala a ku Kapit ankafika tizilombo tili tambirimbiri, ena atafooka kwambiri. Balbir Singh ndi Janet Cox-Singh a pa yunivesite ya boma ku Sarawak anakayika, anatenga magaziwo n'kuyeza DNA ya tizilomboto, imene imasiyanitsa mtundu wina ndi unzake, ndi njira ya kulabu yotchedwa PCR. Mwa odwala 208, anthu 120 anapezeka ndi knowlesi. Izi zinatuluka mu 2004. Kachilomboko sikanali kachilendo kwa asayansi, chifukwa Robert Knowles ndi Das Gupta anakafotokoza ku Calcutta, ku India, mu 1932 atakapeza mwa pusi, ndipo mu 1965 munthu wina wa ku America anakatenga m'nkhalango ya ku Pahang, ku Malaysia komweko. Kungoti onse ankayesa kuti zimenezi zimachitika kamodzikamodzi.

Kutentha thupi kwa tsiku ndi tsiku kuja kuli ndi chifukwa chake. Knowlesi amaswana n'kuphulitsa maselo a magazi pa maola 24 aliwonse, pamene falciparum amatenga maola 48, malariae maola 72. N'chifukwa chake munthu akachedwa kupita kuchipatala zimafika poipa msanga, impso ndi mapapo zimatha kuvulala. Mwayi wake ndi woti mankhwala ndi omwewa timawadziwa, LA uja, ndipo zikavuta jakisoni wa artesunate.

Za December musade nkhawa. Knowlesi sabisala m'chiwindi kwa miyezi ngati mmene amachitira vivax, mtundu wina wa tizilombo ta malungo. Akanakhala kuti mwana wanu anamutenga, bwenzi atadwala kale pasanathe sabata ziwiri kapena zitatu. Komabe akadzafika n'kutentha thupi, mudzanene kuchipatala kumene wachokera ndipo mudzapemphe kuti ayeze pa kagalasi. Kachipangizo kaja koonetsa mizere kamene timagwiritsa ntchito kwambiri kuno kanapangidwira falciparum, knowlesi sikangamuone.

Nachisale, Zomba

Zikomo kwambiri achimwene, mtima wakhalako pansi. Nanga bwanji wanga sanadwale pomwe anagona mphasa imodzi, udzudzu womwewo unawaluma onse?

Wakulabu, Blantyre

Choyamba, si udzudzu uliwonse umene uli ndi kachilombo, ambiri amakhala opanda kanthu. Koma palinso china m'magazi athu. Pamwamba pa selo lofiira pamakhala kachinthu kotchedwa Duffy, ndipo knowlesi amagwira pamenepo kuti alowe m'selo la munthu. Anthu ambiri akuda a mu Africa muno timabadwa opanda Duffy pa maselo ofiira, chifukwa cha kusintha kwa chilembo chimodzi chokha mu DNA yathu. Louis Miller ndi anzake ku America anaonetsa mu 1975 kuti knowlesi amalephera kulowa m'maselo otere, ndipo n'chifukwa chomwecho vivax ali wosowa kuno pomwe ku India ndi ku Brazil ali ponseponse. Mwana wanu sanayezedwe Duffy, ndiye asadalire zimenezo. Udzudzu wa kumeneko, umene ku Sabah ndi Anopheles balabacensis, umaluma panja madzulo anthu asanalowe mu neti. Akapitanso kumudziko azivala buluku ndi malaya a manja aatali, azidzola mankhwala othamangitsa udzudzu.

Mlimi wa ku Liwonde

Ine ndimaganiza kale kuti nyama zimenezi zili ndi matenda. Chaka chatha anyani anandithera theka la munda. Ngati akubweretsanso malungo ndiye aboma atilole tiwathe basi.

Aphiri a Biology, Ntcheu

Bambo a ku Liwonde, chimanga chanu chikundimvetsa chisoni, inenso ndinakula ndikulindira anyani ndi legeni. Koma pa malungo musawanamizire. Apusi onyamula knowlesi ndi a mtundu wa macaque, a mchira wautali ndi a mchira waufupi ngati wa nkhumba, ndipo amakhala ku Asia. Udzudzu wofalitsa kachilomboko ndi wa m'nkhalango za komweko, kuno kulibe. Apusi ndi anyani athu ali ndi kachilombo kawo ka m'magazi kotchedwa Hepatocystis, kachibale ka malungo, kamene kamafalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono toluma ndipo sikadwalitsa munthu. Malungo a ana a Anachisale amachokera kwa munthu mnzawo, kudzera mwa udzudzu wa funestus kapena arabiensis umene umaswana m'madambo ndi m'zithaphwi zathu zomwezi.

Komabe Anachisale funso lanu silinaphonye, lakhudza nkhani imene ndimakonda kuuza ana a Fomu 4. Falciparum wathuyu anachokeradi kwa nyama, koma kalekale, ndipo osati kwa pusi. Gulu la wasayansi Beatrice Hahn linasonkhanitsa ndowe za anyani akuluakulu a m'nkhalango za pakati pa Africa, pafupifupi 3,000, za chimpanzee, gorilla ndi bonobo. Taganizirani anthu akuyenda m'nkhalango m'mamawa kutola ndowe pansi pa zisa zimene nyamazi zagona usiku, n'kumaika m'timabotolo. M'ndowe mumakhala timagazi pang'ono, ndipo m'menemo anapeza DNA ya tizilombo ta malungo. Poyamba asayansi ankaloza chimpanzee chifukwa ndiye m'bale wathu wapafupi. Zotsatira za mu 2010 zinaonetsa kuti ayi. Falciparum wa anthu padziko lonse, kaya wa ku Nsanje kaya wa ku Cambodia, ndi kanthambi kamodzi kakang'ono pa mtengo waukulu wa tizilombo ta gorilla wa kumadzulo kwa chigawochi. Tizilombo ta gorilla timasiyanasiyana kwambiri, pamene ta anthu timafanana ngati ana a mayi mmodzi. Umenewu ndiwo umboni woti kudumphako kunachitika kamodzi, kapena kangapo kochepa kwambiri.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi mmene kanalowera. Kachilomboka kali ndi jini, kutanthauza kachigawo ka DNA, yotchedwa RH5, imene imakathandiza kugwira selo lofiira. Kafukufuku wa mu 2019 anaonetsa kuti kholo la falciparum linalandira jini imeneyi kuchokera kwa kachilombo kena ka gorilla, ndipo RH5 wakaleyo ankatha kugwira selo la gorilla ndi la munthu lomwe. Atakhazikika mwa anthu anasintha, moti lero amakonda magazi athu. Anthu okhala pafupi ndi nkhalango za ku Cameroon atayezedwa, sanapezeke ndi tizilombo ta gorilla kapena chimpanzee ta banja limeneli.

Ndipo nthawi zina ndife timapatsira nyama. Ku Brazil, m'nkhalango za m'boma la Rio de Janeiro, anthu anadwala mu 2015 ndi 2016 malungo otchedwa simium ochokera kwa apusi a kumeneko. Atawerenga DNA yake anapeza kuti ndi vivax wa anthu amene analowa mwa apusi zaka mazana angapo zapitazo, tsopano akubwerera kwa eni ake.

Wakulabu, Blantyre

Aphunzitsi mwafotokoza bwino. Ndingowonjezera chimene chikuwasowetsa mtendere a ku Malaysia. Pofika 2018 anali atatsala pang'ono kuthetseratu falciparum ndi vivax wotengera m'dziko momwemo, koma knowlesi akudwalitsa anthu masauzande chaka chilichonse, makamaka ku Sabah ndi Sarawak. Nkhalango zikudulidwa kuti adzale migwalangwa yopangira mafuta, apusi akusendera kuminda, udzudzu n'kumaluma pusi lero munthu mawa. DNA yaonetsanso kuti ku Borneo knowlesi ali m'magulu awiri, lina logwirizana ndi apusi a mchira wautali, lina ndi a mchira waufupi, ndipo onse awiri akupezeka mwa odwala. Munthu ungamupatse LA ndi neti, nanga pusi wa m'nkhalango umugwira bwanji kuti amwe mankhwala?

Nachisale, Zomba

Ndawerenga zonse kawiri, za gorilla zija ndawawerengeranso anzanga a pamsika masana ano. Ndamuimbira mwanayo ndamuuza za buluku ndi mankhwala odzola, akuti mayi a mnzake uja anamuitananso kukakolola mpunga ndipo akufuna kupita. Ndamuuza apite, koma asamakhale panja dzuwa likalowa. Aang'onowa ndawauza kuti azichoka kumunda kusanade, apusi adye zimene angadye. Maneti athu awiri anang'ambika kumapazi, ndawasoka madzulo ano. Achimwene a kulabu, dzina la kachilombo kaja ndalilemba kuseri kwa buku lake la kuchipatala, kuti ndisadzaiwale ponena kwa adokotala mu December.