Tapopera vairasi koma mbozi zikudyabe chimanga

Mlangizi wa ku Dowa: Akuluakulu, ndithandizeni. Lolemba tinapopera mankhwala a NPV, vairasi yomwe imadwalitsa ndi kupha mbozi, m'munda wachitsanzo kuti tiphe mbozi za fall armyworm. Lero Lachinayi, mbozi zili moyo. Alimi ayamba kunong'onezana kuti tinawabweretsera madzi chabe.

Mlangizi wa ku Salima: Munapopera nthawi yanji, achimwene? Nanga mbozizo zinali zazikulu bwanji?

Wa ku Dowa: Cha m'ma 10 koloko m'mawa. Zambiri zinali zitakula kale.

Wa ku Salima: Vuto layambira pomwepo. Dzuwa limaononga vairasi imeneyi msanga, ndiye timapopera madzulo, ndikulunjika m'nsonga momwe mbozi imabisala. Chachiwiri, siipha ikangokhudza mbozi ayi, mboziyo iyenera kuidya pamodzi ndi tsamba. Zing'onozing'ono zongoswa kumene ndi zomwe zimafa mosavuta. Zikuluzikulu zimalimba, ndipo zimakhala zitaononga kale munda.

Mlangizi wa ku Chikwawa: Ndionjezerepo. Munasakaniza ndi chiyani?

Wa ku Dowa: Alimi anathiramo sopo waufa pang'ono kuti mankhwala amatirire pa tsamba.

Wa ku Chikwawa: Iii, bambo, musadzabwerezenso. Vairasi imeneyi imakhala m'kachikopa kamene kamasungunuka m'matumbo a mbozi. Sopo ndi phulusa zimasungunula kachikopako m'sipuleya momwemo, isanafike n'komwe pa chimanga. Madzi oyera basi. Komanso masiku atatu ndi ochepa, imatenga pafupifupi sabata. Ine chimandipweteka n'chakuti sitiwauziratu alimi zimenezi. Anazolowera mankhwala opha tsiku lomwelo chibwerere mbozizi mu 2016, ndiye akapanda kuona mitembo m'mawa mwake amataya mtima, chonsecho vairasi iyi siipha njuchi kapena tizilombo tomwe timadya mbozi.

Wa ku Salima: Muonenso chizindikiro cha pa botolo. Mtundu uliwonse wa NPV uli ndi mbozi zake. Ya ntchemberezandonda (African armyworm) kapena ya mbozi za thonje musaidalire pa fall armyworm.

Wa ku Dowa: Botolo ndi la fall armyworm ndithu. Ndidzadziwa bwanji kuti zina zagwidwa?

Wa ku Chikwawa: Zimasiya kudya, zimafooka, zimakwera pamwamba n'kufera polendewera pa tsamba. Mukazikhudza zimaphulika madzi. Muzitole zimenezo, muzisinje, musefe ndi kansalu, n'kupoperanso madzulo. Alimi atole ndi manja awo kuti aone okha.

Wa ku Dowa: Zikomo mayi. Zikuluzikuluzo tikazitola pamanja mawa, Lolemba ndibwera ndi zithunzi.