Sun City mu Disembala: tigone ku Cabanas kapena ku The Palace? Ndithandizeni maganizo

Wofunsa (dzina labisidwa)

Moni nonse apagulu. A admin, zikomo pondibisira dzina. Bambo a kunyumba ali pagulu pompano, ndipo nkhaniyi takangana nayo kale kawiri mpaka wina kugona choyang'ana kukhoma. Akawerenga adzizindikira okha, palibe kanthu.

Timakhala ku Kempton Park, kuno ku South Africa. Tili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 9 ndi wamwamuna wa zaka 5. Chaka chino tikukwanitsa zaka 10 tili m'banja, ndiponso ndalama yanga ya chipereganyu ikutuluka mu Novembala. Tinagwirizana kuti ulendo uno ndalamayo isathere mu simenti ndi malata monga mwa zaka zonse, koma anawa akaoneko Sun City, malo achisangalalo a m'chigawo cha North West, masiku atatu. Chiwonereni vidiyo ya Valley of Waves, malo osambira a kumeneko a mafunde opangidwa ndi makina, pafoni ya mnzake wa kusukulu, mwana wamkuluyo sakambanso china m'nyumba muno.

Pamene pavuta ndi pogona. Ine ndikufuna ku hotela ya Cabanas. Bambo akuti The Palace of the Lost City basi, ati munthu sakwanitsa zaka 10 kawiri, ndipo atopa ndi kumangoiona pa kalendala. Mitengo ndayang'ana pa intaneti usiku wathawu: ya masiku amene tikufunawo, usiku umodzi ku Palace ukupitirira mausiku awiri a ku Cabanas. Ndiye onjezani ichi. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, akubwera pa basi kuchokera ku Blantyre sabata yoyamba ya Disembala. Masiku awo 30 a pa pasipoti akugwera momwemo, sitingawasiye okha m'nyumba ife n'kumakasambira. Choncho zipinda ndi ziwiri, osati chimodzi. Mayiwa mawondo amawavuta, masitepe a kutchalitchi okha amakwera mopumira.

Ndinene chilungamo, nanenso zotchipa ndimaziopa. Zaka zitatu zapitazo tinapita ku Durban, ndinasankha ndine kanyumba kena ka alendo chifukwa cha mtengo. Pa zithunzi nyanja imaoneka ngati ili pakhonde. Titafika tinapeza kuti ndi ulendo wa mphindi 40 wapansi, mtunda wokhawokha pobwerera, ine mwana kumbuyo, thumba la matawulo onyowa kumanja, bambo patsogolo osayankhula. Mpaka lero akafuna kundigonjetsa pa mkangano amangoti “Durban”.

Ndiye amene munapitako ndiuzeni. Kodi ndalama yowonjezerayo imagula chiyani chenicheni kupatula kukongola kwa chipinda? Ana akalowa m'madzi m'mawa, kuchipindako timabwererako masana kapena mpaka madzulo? Nanga kwa munthu wamkulu wa mawondo ovuta, kwabwino n'kuti? Chonde amene mukufuna kundiuza kuti ndalamayo ndikagulire mbuzi, mbuzi tili nazo kale ku Thyolo.

Mayi wa mapasa, Rustenburg

Asisi, ine ndimakhala pafupi ndipo ndagonako ku Cabanas katatu. Mfundo yaikulu ndi iyi: aliyense wogona mu hotela za mkati mwa Sun City amalowa ku Valley of Waves osalipiranso pageti. Wa ku Palace ndi wa ku Cabanas funde limawamenya limodzimodzi. Ndipo fundelo si lamasewera, limabwera pafupifupi mphindi imodzi ndi theka iliyonse, lotalika kuyandikira mamita awiri. Wa zaka 5 yo mumugwire dzanja ndipo mukhale naye chakumchenga.

Amapasa anga akalowa 9 koloko m'mawa sindiwatulutsa mpaka dzuwa litapendeka, zala zitachita makwinya ngati za agogo. Tikafika kuchipinda amagona asanamalize kutafuna. Ndiye ndikalipire nsanamira zosemasema kuti azione ndani? Ku Cabanas kuli kapinga wamkulu wotsetserekera kunyanja yokumba ija ya Waterworld, kuli dziwe losambira lawolawo, ana amathamanga mmene angafunire popanda wokuyang'anani ndi diso loti “ana awa ndi a ndani”. Zipinda n'zazing'ono, zimenezo sindikubisirani. Masutikesi awiri mukatsegula pansi muzidumpha.

Bambo wina, Midrand

Ine ndiyankhulako mbali ya achimwene akunenedwawo, poti pano akuweruzidwa iwo palibe. Ndinagonako ku Palace usiku umodzi pa ukwati wa bwana wanga, ndipo sindinama, malo aja ndi ena. Ukungotsika galimoto wina watenga kale katundu. Ukalowa pakhomo khosi limachita kuwawa ndi kuyang'ana kudenga, kojambulidwa nyama ndi nkhalango. Pabwalo pali chifanizo cha njovu ija Shawu, yaikulu ngati yamoyo, aliyense amajambulitsa pamenepo. Chakudya cha m'mawa ku Crystal Court ndinadya mpaka ndinachita manyazi kubwereranso kachinayi.

Koma ndinali ndekha ndi madamu, opanda ana. Tinali ndi nthawi yokhala pansi n'kumayang'ana. Chimene mumalipira kumene kuja ndi bata ndi kutumikiridwa, ndiye bata ndi mwana wa zaka 5 sizigonera nyumba imodzi.

Wofunsa

A ku Midrand, mwayamba bwino ngati mukuwathandiza bambowa koma mwathera kwanga. Zikomo.

Namwino, Pretoria

Aliyense akukamba za ana, za mayi wamkuluyo mwaziiwala. Ndimagwira ntchito ndi okalamba ndiye ndimaona kumene ena saona. Sun City ndi yaitali, si malo oti uchoka pachipinda n'kungowoloka msewu. Ukalowa pageti umayamba kupeza Cabanas, kenako Sun City Hotel, kenako Cascades pafupi ndi Sun Central pamene pali malo odyera ndi masewera a ana, ndiye n'kuwoloka mlatho uja wa njovu zamiyala, Bridge of Time, kukafika ku Valley of Waves. Palace ili pamwamba kuseri kwake. Kunena kwina, Cabanas ndiyo ili kutali kwambiri ndi madzi amene ana anu akufunawo.

Mabasi aulere ozungulira mkatimo alipo, satenga ndalama. Koma mu Disembala anthu amakhala ngati nyerere, ndipo kutentha kwa ku North West masana si kocheza. Taganizirani mayi wa mawondo otupa ataima padzuwa kudikira basi, ikabwera yodzaza, adikirenso ina. Akatopa 12 koloko n'kufuna kukagona pang'ono, ndani awaperekeze? Ndinu apongozi awo, mukudziwa kale yankho.

Musathamangirenso kuti ndiye Palace yathetsa vutoli. Ili pafupi ndi Valley inde, koma ili pachitunda, ndipo njira yapansi yotsikira kumeneko ndi masitepe. Kutsika ndiye kumapweteka mawondo kuposa kukwera. Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana mtengo wa Cascades kapena Sun City Hotel. Zili pakati, pa mtengo ndi pa mtunda pomwe. Kulikonse kumene musankhe, imbani foni, musangodina pa intaneti. Nenani kuti muli ndi munthu wamkulu wovutika kuyenda, akupatseni chipinda chapansi kapena choyandikira chikepe, ndipo zipinda ziwirizo zikhale zoyandikana.

Wofunsa

A nesi, apa ndiye mwandigwira pamtima. Za kuperekeza masana zija ndinali ndisanaziganize n'komwe, koma ndadziona kale ndili m'basi ndi apongozi, ana atatsala ndi bambo awo amene akaona mpira pa sikirini amaiwala kuti anabereka. Cascades sindinaiyang'ane chifukwa ndimaiyesa ya anthu a gofu. Ndiyang'ana usiku uno.

Mnyamata wa ku Tembisa

Koma anthu a ku Malawi inu. Mwasiya nyanja yeniyeni ku Mangochi, ya mchenga wa Mulungu ndi chambo chowotcha, mukukalipira ma rand kuti makina akukankhireni madzi?

Mayi wa mapasa, Rustenburg

Iwe, tikiti ya anthu asanu kupita ku Malawi mu Disembala ukuidziwa mtengo wake? Ndiye uwonjezere masiku awiri pa basi, mzere wa pa Beitbridge, ndi abale onse amene akudikira kuti wa ku Joni wabwera. Sun City ndi maola awiri ndi theka kuchokera ku Kempton, ukanyamuka m'mawa 10 koloko uli m'madzi. Khala chete ukule kaye.

Agogo a ku Soweto

Ana inu mukundikumbutsa kale. Ine ndinabwera kuno ndili mnyamata, ndipo Sun City ikutsegulidwa mu 1979 ndinali kuno. Nthawi imeneyo dera lija ankati ndi dziko lina, Bophuthatswana, la a Lucas Mangope. Juga inali yoletsedwa mu South Africa, ndiye Sol Kerzner anakamanga kasino kumeneko kuti azungu a ku Johannesburg azikatchova kumapeto kwa sabata. Palace ndi Valley of Waves zinabwera pambuyo, mu 1992. Nkhani imene amakuuzani kumeneko, ya mtundu wa anthu otayika ndi chivomezi chimene chinagwetsa mzinda wawo, ndi yongopeka kuti malo akome. Miyala yambiri mukuiona ija ndi simenti yopaka utoto. Mlatho uja umachita kugwedezeka ndi kutulutsa utsi pa nthawi yake, muwachenjezeretu mayi anuwo angayambe kufuula dzina la Yesu pakati pa anthu.

Sindikunyoza ayi, ndi ntchito yaluso ndithu. Ndikungoti kasino ikadalipo. Mwana wanga, ndalama ya chakudya usunge iwe, khadi lisagone m'thumba la mwamuna.

Mlongo wanu wa ku Randburg

Ndiwonjezere za ndalama, poti ambiri timawerengera chipinda chokha n'kuiwala mimba. Mkati muja chilichonse n'chokwera, ndipo anthu asanu kudya masana ndi madzulo masiku atatu ndi ndalama ina yoti ikanalipira usiku wina. Ana akatuluka m'madzi amakhala ndi njala ya nkhandwe. Onetsetsani kuti mtengo umene mwapatsidwa uli ndi chakudya cha m'mawa cha anthu onse asanu, ndipo mudye mochedwerako ndi mokhuta kuti masana mungogula zopepuka. Madzi akumwa, zipatso, mabisiketi ndi mafuta odziteteza kudzuwa gulani ku Rustenburg kapena musananyamuke. Ikaninso padera ya mafuta a galimoto ndi ma toll a pa N4.

Zakudyazo musazisiye poonekera zenera lili lotsegula. Anyani ndi apusi a kumene kuja saopa munthu, malowa agundana ndi nkhalango.

Za nkhalangozo, Pilanesberg ili pompo, geti la Bakubung ndi mphindi zochepa pa galimoto kuchokera ku Sun City. Mumalowa ndi galimoto yanu yomwe, mumalipira pageti basi. Kuli njovu, zipembere, mikango, akadyansonga, ndipo kulibe malungo. Apongozi anuwo atha kusangalala ndi zimenezi kuposa mafunde, chifukwa amaona zonse atakhala pampando. Ndalama imene mungapulumutse posagona ku Palace, tengani m'mawa umodzi mupite kumeneko geti likangotsegulidwa, nyama zisanabisale kuthawa dzuwa.

Chomaliza, masiku. Mpikisano wa gofu wa Nedbank umachitikira komweko chakumapeto kwa chaka, ndiye onani kuti sabata yanu isagundane nawo. Sukulu zikangotsekanso mitengo imakwera ndipo zipinda zimatha msanga. Ngati mungathe kulowa Lolemba n'kutuluka Lachinayi, mupeza kusiyana ndi Lachisanu.

Bambo wina, Midrand

Njira ina nayi yoti m'nyumba mukhale mtendere. Mausiku awiri gonani kotchipako nonse. Usiku womaliza agogo atsale ndi adzukulu m'chipinda chawo, inu awiri mukagone ku Palace chipinda chimodzi. Zaka 10 zo ndi zanu awiri, si za ana. Mwalipira Palace kamodzi, chipinda chimodzi, m'malo mwa zipinda ziwiri katatu. Achimwene ajambulitsa ndi njovu yawo, nkhani yatha.

Namwino, Pretoria

Maganizo abwino, koma afunsidwe kaye mayiwo. Asachoke ku Blantyre pa basi masiku awiri kudzasanduka wolera ana mu hotela yachilendo, kumene sadziwa ngakhale poyatsira magetsi. Ndipo pa tsiku losamukalo, kumbukirani kuti chipinda chakale mumatuluka m'mawa pamene chatsopano amakupatsani masana.

Wofunsa

Ndabweranso. Bambo aiona positiyi ali ku ntchito, anditumizira uthenga wa mawu amodzi okha: “Durban”. Kenako patapita mphindi khumi atumizanso kuti maganizo a ku Midrand aja si oipa, ndipo akufuna adziwe ngati munthuyo amamwa chiyani.

Ndaimbira apongozi madzulo ano. Za mafunde akuti iwo ayi, anabadwira ku Thyolo, madzi amawadziwa a mu ndowa. Za kutsala ndi adzukulu usiku umodzi aseka, ati analera ana asanu ndi awiri opanda magetsi, awiri angawavute chiyani. Koma atamva za njovu andifunsa kawiri ngati galimoto yake imakhala yotseka mawindo.

Ndayang'ananso mitengo. Cascades zipinda ziwiri yatikulira. Sun City Hotel ikutheka tikachotsa tsiku limodzi, Cabanas ikutheka masiku onse atatu ndi usiku wa ku Palace uja pamwamba. Mwana wamkulu akuti tsiku lisachotsedwe ngakhale zitavuta bwanji. Ndiye funso latsala ndi ili kwa amene munagonako ku Cabanas mu Disembala weniweni, osati mu Meyi: basi ya m'mawa yopita ku Valley mumadikira nthawi yaitali bwanji? Ndipo alipo anayesapo kubwerera kuchipinda masana ndi munthu wamkulu n'kupitanso?

Mayi wa mapasa, Rustenburg

M'mawa sivuta mukatuluka msanga, anthu ambiri amakhala akadali pa chakudya. Yovuta ndi ya madzulo pamene aliyense akutuluka nthawi imodzi, ana akulira, matawulo akudontha. Ife timatuluka kukatsala ola limodzi kuti atseke. Za masanazo, mayi anga ine sindinkapita nawo m'mawa n'komwe. Ankatsala pa kapinga pansi pa mtengo ndi tiyi wawo, ndinkadzawatenga cha m'ma 2 koloko kuti akaone adzukulu akusambira ola limodzi, n'kubwerera limodzi tonse. Muwatengere chipewa chachikulu ndi nsapato zosaterera, pansi pamakhala ponyowa paliponse.