Ana alowa Little League, ndithandizeni pa za bat ndi ntchito za makolo

Moni abale anga a kuno ku Indiana, ku America, makamaka inu amene ana anu anasewerapo baseball kapena softball. Ndalembetsa ana anga awiri mu ligi ya m'dera lathu, yomwe ili pansi pa Little League, bungwe la baseball ndi softball ya ana: mnyamata wa zaka 10 ku baseball, mtsikana wa zaka 8 ku softball. Masewero ayamba mu April mpaka June.

Chandizunguza mutu ndi bat, ndodo yomenyera mpira. A kochi akuti ya mnyamata iyenera kukhala ndi chidindo cha USA Baseball (bungwe loyang'anira baseball ku America), lamulo lomwe linayamba mu 2018. Yomwe anatipatsa aneba ilibe chidindocho, ndiye yangokhala m'galaja. Ya softball nayo ndi ina, yowonda kumutu, moti anawa sangabwerekane. Kodi zogwiritsidwapo kale ntchito koma zabwino mumazipeza kuti? Mitengo ya zatsopano ndi yoboola m'thumba, pomwe mwana chaka chamawa adzakhala atatalika. Glove yowakhira mpira nayonso yauma gwa, mtsikanayu akulephera kuitseka, mpira ukungogwa. Mumaifewetsa bwanji?

Nanga lamulo la baseball loti mwana wa zaka 10 akamaponyera omenya mpira asaponye mipira yopitirira 75 patsiku, amawerenga ndani, a kochi kapena ife makolo?

China, atiuza kuti banja lililonse ligulitseko pa kantini ya pabwalo komanso libweretse tozuna timu ikatha kusewera. Ine ndimagwira ya usiku, Loweruka m'mawa ndimakhala nditatheratu. Kodi amalola kusinthana ndi kholo lina? Mandasi angalandiridwe, kapena ndingogula zam'mapaketi poopa ana a ziwengo?