Agogo anga a zaka 74 akufuna kudziwa kuwerenga koma miyezi inayi palibe chikuyenda, ndithandizeni

Wofunsa (dzina labisidwa):
Moni nonse. Ma admin chonde mundibise dzina, abale anga ambiri ali m'gulu muno. Ndimakhala ndi agogo anga obereka mayi, zaka 74, sanapiteko kusukulu. Agogo aamuna atamwalira chaka chatha kunabwera mapepala ofunika kusaina, iwo anadinda chala pamaso pa anthu, ndiye mwana wa amalume anaseka. Usiku umenewo anandiitana n'kunena kuti, “Mdzukulu wanga, ndisanafe ndikufuna ndilembe dzina langa ndekha, ndiwerengenso Salimo 23 ndi maso angawa.” Ndinagula kope, pensulo ndi buku la ana oyamba sukulu. Pano miyezi inayi yatha. A e i o u amatchula pamtima bwinobwino, koma ndikaloza pabuku amangoti zii, kenako amati mutu ukuwawa, tisiye. Achimwene anga timakhala nyumba imodzi koma ntchito yawo ndi foni basi. Alamu anga akamadutsa amati nkhalamba siphunzira, agogo n'kumamva. Azakhali amangoimba kufunsa za mankhwala, kubwera ayi, ndipo zomwe anachita pa maliro sindinaziiwale. Ine ndimaweruka mochedwa, ndikafika ndichape, ndikolope, ndiphunzitsenso. Dzulo ndinawakalipira, anatseka kope n'kukagona osayankhula. Ndalira usiku wonse. Kodi ndikulakwitsa pati? Kapena zaka zapitadi?

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, ndaphunzitsa zaka 34, tamvera ine. Walakwitsa poyambira. Munthu sawerenga ndi a e i o u yekha, amawerenga ndi MAPHATIKIZO. Ma me mi mo mu. Ta te ti to tu. Akagwira ma ndi ta, waphatikiza “mata”. Akagwira mu ndi tu, waphatikiza “mutu”. Tsiku limenelo agogo awerenga mawu awo oyamba. Chichewa n'chosavuta chifukwa chimene walemba ndi chimene umatchula, mavawelo asanu okha basi. Osathamangira nkh, mph, nth, tch ndi ng'. Zimenezo n'zakumapeto. Vuto ana a masiku ano simunaphunzitsidwe maphatikizo bwino, n'chifukwa chake mumalemba zothyokathyoka muno.

Mayi wa ana atatu:
Kuwakalipira agogo ako? Anakusintha matewera amenewo. Kapepese kaye usanatsegulenso kope.

Wofunsa:
Ndapepesa kale m'mawa amayi, ndinagwada ndithu. Musandiweruze, ndatopa chabe.

Namwino:
Achemwali, amaphunzira nthawi yanji, ndipo maso awo ali bwanji?

Mnyamata wa nthabwala:
Agogo akadziwa kuwerenga ayamba ndi mameseji a achimwene anu aja. Mwina n'chifukwa chake sakuthandiza 😂

Bambo wokhumudwa:
Nkhani yodinda chala yandikhudza. Bambo anga anadinda pepala lomwe mbale wathu wina anawauza kuti ndi la chithandizo, pomwe linali logulitsa malo. Tinayenda mpaka nsapato kutha, osaphula kanthu, chala chinali chawo ndithu. Anamwalira akudziimba mlandu. Mpaka lero ndikaona inki ya buluu ija mtima umandiwawa. Mbale ameneyo ali muno, akuwerenga, akudzidziwa.

Wophunzira za uphunzitsi:
Aphunzitsi, mwaulemu, wamkulu saphunzitsidwa ngati mwana wa zaka 6. Buku la zithunzi za mpira ndi galu limamuchititsa manyazi. Paulo Freire ku Brazil mu 1963, m'tauni ya Angicos, anaphunzitsa anthu akuluakulu pafupifupi 300 kuwerenga m'masiku 45, ndipo ankayamba ndi mawu a moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, kenako n'kuwaphwanya kukhala maphatikizo. Agogowa anena kale zomwe akufuna: dzina lawo ndi salimo lomwe akulidziwa pamtima. Lembani mzere woyamba wa salimolo ndi zilembo zikuluzikulu, iwo azinena uku akuloza liwu lililonse ndi chala. Pakamwa pakudziwa kale, maso azingotsatira.

Mphunzitsi wopuma:
Kumeneko ndi kuloweza, si kuwerenga! Ndakumana nawo ana otero ambirimbiri, amaimba tsamba lonse buku litazondoka. Iwe wangowerenga za ku Brazil m'kalasi, ine ndagwira choko mpaka zala kuyera. Ndipo Freire wakoyo wanena wekha kuti ankabwerera ku maphatikizo. Ndiye tikutsutsana chiyani?

Wophunzira za uphunzitsi:
Tikutsutsana poyambira, bambo. Inu mukuyamba ndi ma me mi, ine ndikuti ayambe ndi dzina lawo.

Mphunzitsi wopuma:
Nanga dzina lawo likakhala ndi nkh kapena ng' pachiyambi? Uwafotokozera bwanji kusiyana kwa ngoma ndi ng'ombe, kapena kola ndi khola, munthu asanagwire ka ke ki ko ku? Nyumba sayambira kudenga.

Mlongo wa kwaya:
Tiyeni tisaiwale pemphero. Amayi anga anayamba sukulu ya kwacha ali ndi zidzukulu kale. Chinawathandiza kwambiri chinali kukhala ndi anzawo amsinkhu wawo, akalakwitsa ankaseka onse pamodzi, palibe wonyoza mnzake. Funsani kumpingo kwanu kapena kwa alangizi a chitukuko ngati kalasi yotere ilipo pafupi. Lero amatsegula okha buku la nyimbo, nambala akupeza okha.

Mnyamata wa zamakono:
Zonsezi n'zakale. Aikireni pulogalamu pa foni yowerenga mokweza, Baibulo lomvetsera liliponso. Azingomvera basi, bwanji kuzunza nkhalamba?

Mphunzitsi wopuma:
Ndi maganizo amenewa omwe apha kuwerenga. Mayiyu wati ndi MASO AKE. Foni idzamusainira pepala?

Mayi wa ana atatu:
Apa pokha ndagwirizana nanu aphunzitsi. Koma alamu akowo mtsikana iwe uwakhazike pansi. Ine wanga ananditero, ndinamuonetsa msewu tsiku lomwelo.

Wokonda mbiri:
Amene akuti zaka zapita akafufuze za Kimani Maruge wa ku Kenya. Analowa sitandade 1 mu 2004 ali ndi zaka 84, boma la kumeneko litachotsa fizi ku pulayimale mu 2003. Anavala yunifolomu n'kukhala pakati pa tiana, ndipo mu 2005 anakayankhula ku United Nations ku New York. Agogo anuwa ndi ang'ono kwa iye ndi zaka 10. Muwauze nkhaniyi, alamu anu alinso pomwepo.

Namwino:
Ndafunsa pamwambapa palibe wandiyankha, nonse muli pa mkangano. Achemwali, MASO. Mwati akayang'ana pabuku mutu umawawa. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zinthu zapafupi, ndipo pa 74 ambiri amakhalanso ndi ng'ala. Kodi buku amaligwirira patali? Amatha kulowetsa ulusi pa singano? Ali ndi shuga? Mankhwala amene azakhali amafunsawo ndi a chiyani?

Wofunsa:
Ayi ine, sindinaganizeko. Ulusi ndimawalowetsera ndine, papita zaka. Buku amalitambasulira kutali mkono wonse, nthawi zina amatsinzina diso lamanzere, amati likuona ngati utsi. Mankhwala ndi a shuga ndi BP. Timaphunzira usiku cha m'ma 8 ndikamaliza ntchito, babu lake ndi lofiira lija. Magalasi anali nawo koma anathyoka kalekale, achimwene anawakhalira, mpaka lero sanagule ena.

Namwino:
Ndiye mukanayamba ndi zimenezi! Apite akapimidwe maso musanapitirize, ndipo mukanene kuti ali ndi shuga kuti akaone ndi mkati mwa diso momwe, chifukwa shuga amawononga maso mwakachetechete. Ikakhala ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ambiri amaonanso bwino. Musangowagulira magalasi a m'misika musanapime. Padakali pano lembani ndi cholembera chakuda chonenepa papepala loyera, chilembo chimodzi kutalika ngati chala chanu, masana panja, mphindi 15 kapena 20 zokha. Muonenso ngati akumva bwino, munthu wosamvetsetsa sasiyanitsa pa ndi pha.

Mphunzitsi wopuma:
Za maso ndimafuna kunena ine poyamba pomwe. Koma angakhale avale magalasi anayi, popanda maphatikizo sawerenga. Komanso pensulo ikhale yonenepa, zala za wamkulu zimauma. Ayambe kulemba ndi chala pamchenga, dzanja lizolowere. Ndipo b ndi d osaphunzitsa sabata imodzi, zimasokoneza ngakhale ana amaso akuthwa.

Bambo wokhumudwa:
Achimwene anuwo agule magalasiwo. Zimayamba chonchi, mawa ndi malo.

Wofunsa:
Ndapempha tchuthi Lachinayi kuti ndipite nawo. Masana ano ndathamangira kunyumba, ndalemba dzina lawo ndi makala kuseri kwa katoni, zilembo zazikulu ngati chikhatho. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza chilembo choyamba n'kufunsa kuti, “Kodi aka ndi kamene kali ndi miyendo iwiri eti? M'buku muja sindinkakaona.” Katoniyo akana kuti ndiitaye, aiika pansi pa pilo. Aphunzitsi, dzina lawo likuyamba ndi Na, ndiye ndiyambe na ne ni no nu kapena ndibwerere ku ma me mi?

Mphunzitsi wopuma:
Yamba na ne ni. Ukabwerako Lachinayi undiuze zomwe apeza, ndikulembera maphatikizo a sabata yoyamba. Wa ku Brazil uja asalowererepo.